Chaka Chimene Ndinabwereka Phulusa

Anzanga amene tinali nawo ku Wankie, tauni ya migodi ya malasha, m'zaka za m'ma 1950 amachikumbukira chaka chimenecho ngati chaka chimene mvula inathawa pakati pa dzinja. Ine ndimachikumbukira chifukwa cha hatchi. Nthawi imeneyo ndinali ndi mkazi, Nachisale, ndi ana awiri, ndipo ndinkagwira ntchito m'khola la mahatchi la mzungu wina amene tinkamutchula Mandevu. Iyeyu sanali wa mumgodi. Anali ndi kontalakiti yodula mitengo ya tsanya yochirikizira pansi pa mgodi, ndipo mahatchi ankakwera pokayendera anthu ake odula mitengo kuthengo. Khola linali kunja kwa tauni, m'njira yolowera ku mtsinje wa Deka. Kuseri kwake kunali tinyumba tiwiri ta malata. Kena kanali kanga, kena ka Che Bwanali, mkulu wa kholalo, Myao wa ku Mangochi amene anandipezera ntchitoyo nditangofika kuchokera ku Chiradzulu, mapazi ali otupa.

Okutobala

Kutentha kwa Okutobala ku Wankie sikufunika kufotokozera munthu amene anakhalako. Fumbi la malasha linkamatirira pathukuta, ndipo masana malata a khola ankalira okha. Ntchentche zoluma zinali zisanabwere, koma Che Bwanali ankati ntchito yake imayamba zisanaoneke. Tinkayanika ndowe za mahatchi padzuwa n'kuziunjika pansi pa kamsasa kuti zidzakhale zofukizira utsi. Ine ndinkasenda luzi la mlambe n'kupota tizingwe tolendewera pamphumi pa hatchi, toingitsa ntchentche m'maso. Abiti Ali, mkazi wa Che Bwanali, ankatumbula masaka akale n'kusoka malaya a mahatchi, ophimba kuyambira m'khosi mpaka kumchira, okhala ndi lamba wodutsa kumimba.

Mahatchi analipo anayi. Mandevu anali ndi mayina ake achizungu, ife tinali ndi athu: Sajeni, amene ankayenda modzimva, Dona, wokonda kuponda anthu, Kafupi, ndi Phulusa, hatchi yaikazi yotuwa, yokalamba, imene inali itasiya kukweredwa ndipo inkangokoka ngolo ya udzu. Phulusa ankadziwa mapazi anga. Ndikamabwera ankatulutsa mutu pakhomo n'kuyamba kufufuza m'thumba la malaya anga.

Tsiku lina tikuyesa Sajeni malaya ake atsopano, ndinaseka. Ndinati kwathu ng'ombe zimalumidwa dzinja lonse koma palibe amazisokera zovala.

"Che Yona, hatchi si ng'ombe," anatero Che Bwanali akumanga lamba. "Uyu ndi mlendo m'dziko muno ngati ife tomwe. Khungu lake ndi la kwina."

"Nanga ife alendo anzake bwanji sativeka masaka?"

"Inu mukafa Mandevu alemba wina mawa. Sajeni akafa, alira mpaka Khirisimasi. Gwirani mwendo uwo, musamangoyankhula."

Novembala

Mvula yoyamba inagwa pakati pa mwezi, ya mabingu, ndipo patangotha masiku ochepa zibawu zinatulukira. Dzinali tinatengera kwa Amandebele. Ndi ntchentche zazikulu ngati nsonga ya chala, za maso obiriwira, ndipo siziboola ngati udzudzu koma zimacheka. Chikatera pamimba pa hatchi, magazi amayenderera mpaka kumwendo, tintchentche tina n'kubwera kudzanyambita pabalapo. Dona ankachita ngati wapenga, kumenya matabwa a khola ndi miyendo yakumbuyo. Phulusa ankangoima, khungu likunjenjemera, n'kumandiyang'ana ngati ine ndiye ndazituma.

Ntchito yathu inasintha. M'mawa uliwonse tinkachotsa ndowe zonse ndi udzu wonyowa n'kukataya kutali. Kenako tinkapaka mahatchi mankhwala a Che Bwanali: mafuta a ng'ombe osungunula, palafini pang'ono, ndi madzi onyikamo fodya wa chingambwe. Tinkapaka kumimba, m'miyendo ndi kuseri kwa makutu, osafika m'maso. Palafini akachuluka amawotcha khungu, choncho Che Bwanali ankayesa kaye padzanja lawo. Mchira sitinkadula ngakhale pang'ono. Mandevu atafuna kuti wa Sajeni ufupikitsidwe kuti azioneka bwino, Che Bwanali anamufunsa ngati iye angalole kumangidwa manja m'nyumba yodzaza udzudzu, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Dzuwa likapendeka tinkayatsa ndowe zouma m'migolo yodula pakati, n'kuthirapo masamba aawisi a tsanya, mbali imene kukuchokera mphepo, kuti utsi uzidutsa m'khola monse. Zovala zathu, ana athu, ngakhale chakudya chathu zinkanunkha utsi umenewo.

Koma lamulo lalikulu silinali la zibawu. Che Bwanali anandiuza kangapo kuti zibawu zimangokhetsa magazi, chopha hatchi ndi tizilombo tating'ono ngati fumbi, touluka m'bandakucha ndi madzulo pamalo a chinyontho. Ankati hatchi isatuluke mame asanaume, ilowe dzuwa lisanalowe, ndipo kumtsinje isapondeko mpaka kuzizira kutayamba. Anali atakwirira mahatchi asanu ndi awiri kwa mzungu wina ku Gwayi m'dzinja limodzi, ndipo kwa Mandevu anali asanatayepo ngakhale imodzi. Chimenechi ankanyadira nacho kuposa china chilichonse.

Disembala

Phoso limene tinkalandira Lachisanu linali la munthu mmodzi: ufa, nyemba, mchere ndi kanyama. Amene anali ndi banja ankadalira kamunda. Kathu kanali pamtunda, chakumtunda kwa gombe la Deka, pafupi ndi minda ya mabanja ena a ku Nyasalande. Tinadzala kumayambiriro kwa mwezi mbewu imene Nachisale anabwera nayo kuchokera kwathu atamanga m'kansalu. Che Bwanali sanalime chaka chimenecho. Msana unkawavuta, ndipo ana awo atatu onse anali aakazi aang'ono. Abiti Ali ankakazinga zitumbuwa n'kukagulitsa kwa anthu otuluka mumgodi.

Chimanga chinamera bwino. Nachisale ankapita kukapalira ndi khanda lathu Samisoni kumsana, mlongo wake Lute akutsatira pambuyo, ndipo pobwera ankandiseka kuti mahatchi a Mandevu amavala bwino kuposa mwamuna wake.

"Bambo a Lute, mukawapemphe Abiti akusokereni saka lanu. Pa Khirisimasi mukalowe nalo m'tchalitchi, lamba kumimba."

Mvula yomaliza inagwa masiku awiri Khirisimasi itapita. Palibe anadziwa kuti ndi yomaliza.

Januwale

Mitambo inkasonkhana masana chakumadzulo, n'kuchita mdima, n'kubalalika. Sabata yoyamba tinati ibwera. Sabata yachiwiri masamba a chimanga anayamba kupindika dzuwa likangokwera. Amayi a Chinambya, eni dera la kumeneko, amene zaka zina ankabwera kudzagulitsa mchewere, tsopano ankabwera ndi nkhuku zowonda kudzasinthanitsa ndi ufa. M'sitolo ufa unakwera mtengo kawiri m'mwezi umodzi, ndipo ukafika unkatha tsiku lomwelo. Makalata ochokera kwathu ankanena zomwezo. Kunamveka mphekesera yakuti akazi ndi ana onse atumizidwa kwawo kuti chakudya chikwanire ogwira ntchito. Ena anagulitsa mabulangete. Mnansi wathu wa kumunda, mkulu wina wa ku Ntcheu, anazula chimanga chake chouma n'kudzala mbatata m'fumbi, anthu n'kumamuseka.

Kwathu tinayamba kudya kamodzi patsiku. M'mawa ana ankamwa phala la malambe. Mkaka wa Nachisale unachepa, ndipo Samisoni anasiya kulira mokweza, ankangodandaula chapansipansi. Mahatchi ankadyabe chimanga chogaya, ndipo kiyi wa chipinda chake ankasunga Che Bwanali. Sanabepo ngakhale dzanja limodzi, koma tikatha kudyetsa ankandipatsa tsache.

"Sesani bwino, Che Yona. Zogwa pansi si za Mandevu, ndi za nkhuku. Ndipo nkhuku pano tilibe."

Ndinaona kuti masiku amenewo dzanja lawo linkagwedera kwambiri pothira chakudya m'mabokosi.

Zibawu sizinachepe ndi chilala. Zinathawira kumene kunatsala madzi, ndipo Deka anali atasanduka maiwe obiriwira otalikirana. Nachisale ndi amayi ena ankatunga m'maiwemo ndi ndowa pamutu kukathirira, koma ndowa imodzi inkangonyowetsa mapando anayi, ndipo chitunda chake chinali chachitali. Tsiku lina anabwera madzulo, anakhala pansi osamasula mwana, n'kunena kuti wasiya.

Loweruka madzulo Che Bwanali ankapita ndi banja lawo kukagona kwa mlamu wawo ku komponi ya ogwira ntchito mumgodi ya Nambala Thu, n'kubwera Lamlungu masana. Mandevu Lamlungu sankadzuka msanga. Kuseri kwa khola kunali ngolo ndi migolo iwiri yopanda kanthu. Maganizo amenewa sanandipatse munthu, ngakhale Nachisale. Ndinawapeza ndekha.

Lamlungu limenelo ndinatulutsa Phulusa kum'mawa kukungoyera. Malaya a saka ndinamuvula chifukwa malamba a ngolo ankaterereka pamwamba pake. Ndinamupaka mafuta ambiri, ndikudziuza kuti akwanira. Koma kuti migolo idzaze ndinayenera kulowetsa ngolo m'dziwe, ndipo madzi anamufika kumimba n'kutsuka zonse. Pamwamba pa madzi panali kautsi ka tizilombo. Dzuwa litatuluka zibawu zinabwera. Ndinkaziphwanya ndi chikhatho, dzanja lonse magazi, iye akukoka migolo kukwera chitunda. Tinapita maulendo asanu. Nachisale ankathirira phando ndi phando ndi chitini. Pobwerera ndinamusambitsa, ndinamuveka saka lake, ndipo Che Bwanali pofika anapeza zonse zili m'malo.

Lamlungu lachiwiri ndinachitanso chimodzimodzi. Lolemba m'mawa Che Bwanali ananyamula mwendo wa Phulusa kuti achotse zinyalala m'chiboda. Anakolopola ndi kamtengo, n'kununkhiza.

"Matope awa si a pano."

Anakweza saka n'kuyendetsa dzanja kumimba, pamene panali timabala tambirimbiri, kenako pachifuwa pamene lamba anasupula ubweya.

"Kangati?"

"Kawiri, akulu."

"Mphwanga, njala ndikuiona. Mwana wanu ndikumumva usana wonse. Koma mwatenga nkhalamba iyi kukaiika m'kamwa mwa imfa, ndipo khola lino lili pamutu panga. Mulungu akatichitira chifundo, ipulumuka. Musabwerezenso. Mwandimva?"

Ndinalumbira kuti sindibwereza. Koma sabata imeneyo chimanga chinayamba kutulutsa ngayaye, ndipo aliyense wolima amadziwa kuti chikasowa madzi nthawi imeneyo ndiye kuti chapita. Loweruka Che Bwanali anazengereza kunyamuka, anandiyang'ana, kenako anapita, pakuti mlamu wawo anali kudwala. Lamlungu ndinatulutsanso Phulusa. Paulendo wachinayi anaima pakati pa chitunda, ndipo ndinamumenya ndi chingwe. Ndinali ndisanamumenyepo.

Febuluwale

Mvula inabwera Lachinayi la sabata yomweyo. Inagwa masiku atatu osakata. Minda yambiri inali itafa kale, koma chathu chinadzuka. Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi ngati chikanapirira masiku anayi amenewo popanda madzi a Lamlungu lachitatu lija. Mwina chikanapirira.

Patapita sabata Phulusa anasiya kudya. Maenje aja ali pamwamba pa maso a hatchi anadzaza n'kutupa, kenako mutu wonse ndi khosi. Azungu matendawa ankawatchula dikopu. Ankaima miyendo itatangadza, akupuma ngati mvukuto, thukuta likuchucha. Che Bwanali anamupatula kwa anzake, anawonjezera utsi, anamufunditsa masaka awiri, anamufukiza bulugamu m'madzi otentha. Sanandinene mawu amodzi. Ankangoti, "Madzi," ine n'kubweretsa. "Gwirani mutu," ine n'kugwira. Tsiku lachinayi masana anagwa, thovu loyera likutuluka m'mphuno, ndipo sanadzukenso.

Tikukumba dzenje, kunabwera amuna atatu a kukomponi ndi mipeni ndi beseni, atamva kuti kwafa nyama. Che Bwanali anawathamangitsa ndi fosholo. Posakhalitsa Mandevu anafika. Anagwada pambali pa mtembowo, ndipo ndinadabwa kuona maso ake atafiira. Hatchi imeneyi inali yoyamba kugula atabwera m'dziko muno. Anayendetsa dzanja kumimba monga anachitira Che Bwanali, anaona zipsera za zibawu zimene hatchi yovala saka singakhale nazo, anaona pachifuwa posupuka. Anaimirira.

"Ubani tatile lo hashi lapa mfula?" Ankafunsa m'Chilapalapa, chiyankhulo cha kumigodi, kuti ndani anapita ndi hatchi kumtsinje.

Apa ndiyenera kufotokoza chinthu chimene ana a masiku ano sachidziwa. Ife a ku Nyasalande tinali ndi lamulo losalembedwa. Munthu wa kwanu sumuloza chala pamaso pa mzungu, ngakhale atakulakwira chotani. Mukakangana, mukaweruzana nokha Lamlungu pansi pa mtengo. Woloza mnzake ankasalidwa: palibe womubwereka mchere, palibe womunyamulira maliro. Koma lamulolo linali ndi mbali yachiwiri. Wolakwayo ankayenera kudziulula yekha mlandu usanagwere wina. Popanda mbali imeneyi, yoyambayo ikanakhala msampha.

Che Bwanali anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakwinye nkhope. Ankangodikira, monga umadikira munthu amene ukudziwa kuti akubwera. Ine ndinayang'ana fosholo. Mandevu anafunsa kachiwiri, anafunsa kachitatu akukuwa. Pamapeto pake Che Bwanali anati, "Khola ndi langa, bwana."

Mandevu anaitanitsa chitupa chawo cha ntchito, analembamo ataimirira pomwepo, n'kuwaponyera. Anawapatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti atuluke m'nyumba.

Madzulo Nachisale anandifunsa ngati ndinanena. Ndinati ayi. Anapitiriza kupukusa mwana.

"Mukanena tikagona kuti?" anatero, osandiyang'ana. Patapita kanthawi anatinso, "Koma Abiti ndidzawayang'ana bwanji?"

Malichi

Anasamuka tsiku loyamba la mwezi, katundu pamutu, kupita kwa mlamu wawo uja. Ndinabisala m'khola ngati ndili ndi ntchito. Che Bwanali analowa, anasisita Sajeni, Dona ndi Kafupi, n'kupachika kiyi wa chipinda cha chakudya pamsomali.

"Palafini musamachulutse kwa Kafupi, khungu lake n'lofewa," anatero, akuyang'ana hatchi osati ine. "Utsi musasiye mpaka kuzizire."

Abiti Ali anaima pakhomo pathu n'kupatsa Nachisale singano yaikulu yosokera masaka.

"Tengani, amayi a Lute. Muzisokera mahatchi a amuna anu."

Mandevu anandipatsa ukulu wa khola. Phoso langa linawonjezeka, ndipo odula mitengo anayamba kunditchula kapitawo. Malichi ndi mwezi woipa kwambiri wa matenda a mahatchi, ndipo tinamva kuti kwa azungu ena afa angapo. Ine ndinatsata zonse zimene ndinaphunzitsidwa, mwina mopitirira. Ndinkayatsa utsi dzuwa likadali pamwamba. Ndinakana kumangira Mandevu chishalo mame asanaume, iye n'kunditukwana, kenako n'kuseka kuti ndasanduka Bwanali wachiwiri. Mahatchi atatuwo sanadwale.

Njala m'tauni inali isanathe. Anthu ankadya maungu aang'ono ndi nkhwani, amene anali nawo. Mbatata za mkulu wa ku Ntcheu uja zinayanga munda wonse, ndipo omuseka aja ankapita kukapempha masamba. Ifeyo tinayamba kuwotcha chimanga chachiwisi. Samisoni anayambanso kulira mokweza. Lute ankafunsa kumene kunapita anzake atatu a nyumba inayo, ndiponso kumene kunapita Phulusa.

Epulo

Chimanga chitayamba kuuma ndinathyola dengu lodzaza n'kupita nalo ku Nambala Thu. Ndinawapeza Che Bwanali atakhala kuseri kwa nyumba ya mlamu wawo, pamalo osaonekera kumsewu, chifukwa apolisi a komponi ankagwira aliyense wopanda ntchito. Anali ataonda, ndevu zitayera. Abiti Ali atandiona analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Mwabwera ndi chimanga cha Phulusa," anatero Che Bwanali.

Ndinatula dengu patsogolo pawo.

"Ndilandira. Ana anga sanalakwe kanthu. Khalani pansi."

Anatulutsa chitupa m'thumba n'kuchitambasula pabondo. Tonse awiri sitinkadziwa kuwerenga. Ine ndinadzaphunzira ndili ndi imvi kale, kusukulu ya akuluakulu kutchalitchi. Tsiku limenelo ndinangoona mizere iwiri ya inki yopendekera, yolembedwa mokanikiza mpaka pepala kuboola.

"Ndapita mumgodi, ndapita kunjanji, ndapita kwa azungu awiri a mahatchi. Aliyense akawerenga apa amandibwezera. Kalaliki wina wa kwathu anandiuza kuti palembedwa kuti ndine wosakhulupirika, ndipo angafafanize ndi yekhayo amene analemba. Zaka khumi ndi zinayi ndikumugwirira ntchito, Che Yona."

"Bwanji osakamuuza nokha, akulu? Ine sindikana."

"Ine? Ndikaloze mwana wa kwathu kwa mzungu? Ndiye maliro anga adzanyamule ndani?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Mverani. Sindikukupemphani kuti mudzimangirire. Mandevu akukalipirani. Mwina akuchotsani, mwina ayi, poti wina wodziwa mahatchi alibe. Akakuchotsani, ndinu mnyamata, mumgodi akulembani mawa lomwe, ndipo chimanga muli nacho. Ine sindifunanso khola. Ndingofuna afafanize mizere iwiriyi. Mlamu wanga sangandibisenso. Zikakhala chonchi, Lachisanu loyamba la Meyi tikwera sitima, ndipo kwathu ndilibe munda, ndinachoka ndili mnyamata."

Ndinawalonjeza kuti ndipita kwa Mandevu sabata yomweyo. Anandiyang'ana monga anandiyang'anira padzenje paja.

"Munalonjezanso za mtsinje," anatero, n'kuitana mwana kuti adzatenge dengu.

Sabata imeneyo Mandevu anali ku Bulawayo. Sabata yotsatira anabwera ali wokwiya ndi nkhani za mitengo, ndipo ndinati ndidikire mtima wake utsike. Sabata inayo tinali kukolola.

Meyi

Kuzizira kunayamba msanga chaka chimenecho. M'mawa mpweya wa mahatchi unkaoneka, ndipo zibawu zinazimiririka ngati sizinakhaleko. Tinavula mahatchi masaka, Nachisale anawachapa n'kuwapinda. Chimanga chathu chinadzaza ngodya yonse ya nyumba mpaka pafupi ndi denga.

Lachisanu lija m'mawa Nachisale ananditulutsira malaya anga a kutchalitchi.

"Pitani, bambo a Lute. Chakudya chili m'nyumba, sitifa. Akatithamangitsa tikapeza pena. Ine ndatopa kudya ndikutsamwa."

Choncho sindinganene kuti anandiletsa ndi mkazi, kapena ana, kapena njala. Sitima inkanyamuka masana, ndipo nthawi inalipo yokwanira kuti munthu athamange kusiteshoni ndi kalata ya Mandevu yowayeretsa. Ndinayenda kuchoka kukhola kupita kunyumba ya Mandevu ndikubwereza mawu m'mutu. Ndinali nditawakonza bwino m'Chilapalapa, ochepa, osazungulira. Ndinamupeza pakhonde akumwa tiyi, agalu ake atagona pamapazi. Atandiona anamwetulira, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, n'kuuza mkazi wake kuti uyu ndiye wapulumutsa mahatchi ake chaka chino. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ini wena funa, kapitawo?"

Ankafunsa chimene ndikufuna. Ndinavula chipewa. Ndinayang'ana nkhope yake yomwetulirayo, ndipo ndinaona mmene isinthire ndikangotsegula pakamwa. Sindinaope chikwapu kapena kuchotsedwa. Ndinaopa kuti asiya kundiyang'ana choncho.

"Palafini watha, bwana," ndinatero.

Anadabwa. Anati ntchentche zatha, palafini ndi wachiyaninso? Ndinati zilipobe zochepa. Anagwedeza mutu akuseka, analowa m'nyumba, n'kubwera ndi botolo lodzaza.

Nachisale anandiona ndikubwera nalo. Anayang'ana botolo, anayang'ana ine, n'kulowa m'nyumba. Ine ndinapita kukhola, ndinasungunula mafuta, ndinathira palafini, ndinayesa padzanja. Ndinapaka Sajeni, ndinapaka Dona. M'khola monse munalibe ntchentche ngakhale imodzi. Ndili pakati popaka Kafupi, sitima inalira kusiteshoni, ndipo ndinapitiriza mpaka ndinamaliza miyendo yonse inayi.